ZA NSIMA NDI NTHAKA IMENE INAIBALA

Atate ndi amai a m'mabanja, mwezi uno tifuna kuceza nanu za anthu aja amene nchito yao ndiyo kufufuza za cakudya, ndi za kumene nchito yaoyo irinkupita m'zaka zirinkudzazi. Kapena wina adzati: Kodi nsima ifunanso kuifufuza? Suja tonse tinaidziwa tisanadziwe ndi kuyenda komwe? Inde, tiidziwa m'manja ndi m'kamwa. Koma kumene ipita ikatsika kukhosi, ndi zimene isiya m'mwazi ndi m'mafupa a mwana, kumeneko maso athu safikako. Ndipo ofufuzawo apeza cinthu cimene ciyenera kumveka m'nyumba iri yonse, ndico ici: mbale ziwiri za nsima, zoyera cimodzimodzi, zokhutitsa cimodzimodzi, zikhoza kusiyana kutali pa kumanga thupi, cifukwa ca nthaka imene cimanga cace cinamerapo.

Kufufuza kotere sikunayambe dzulo m'dziko muno. M'caka ca 1938 boma la Angerezi linatuma dotolo, dzina lace B. S. Platt, kuti adzaone madyedwe a anthu a Nyasaland, monga linali dzina la dziko lathu masiku amenewo. Iye sanadze yekha. Anali naye wodziwa za ulimi, ndi mai Margaret Read wodziwa za miyambo ya anthu, ndi mai Jessie Barker wosamala za ndiwo ndi maphikidwe, yemwe uja pambuyo pace, ali Jessie Williamson, analemba buku la zomera zothandiza za dziko lino m'caka ca 1955. Anthu amenewa anakhala m'midzi ya ca ku Nkhotakota, kumapiri, m'tsinde mwa mapiri, ndi kunyanja. Nayesa minda, nayesa cakudya colowa m'mbale, napima matupi a akuru ndi ana. Koma nkhondo yaikuru inabuka m'caka ca 1939, ndipo zolemba zao zinagona zosasindikizidwa kufikira 1992. Ife tiona kuti pa cinthu cimodzi maganizo ao anali olunjika, ndico cakuti dotolo ndi mlimi ayenera kuyenda njira imodzi. Pambuyo pace awiriwa anasiyana; a cipatala anatsala ndi kuwerenga ana odwala, a zaulimi anatsala ndi kuwerenga matumba a cimanga, ndipo sanali kufunsana kawiri kawiri.

Kuwerenga matumba sitikupeputsa, iai. Amene anamva kwa makolo za njala ya 1949, ndi amene anaona ndi maso njala ya 2002, adziwa kuti funso loyamba ndi lakuti, Kodi tidya lero? Koma pali njala yina imene siliritsa mwana usiku, ndipo ofufuza anaipatsa dzina lakuti njala yobisika. Mwana akhuta, asewera ndi anzace, koma msinkhu wace sukwera monga mwa zaka zace. Pa kuwerenga kwa m'dziko lonse kwa caka ca 2010 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu, 47 anali opinimbira; pa kuwerenga kwa 2015 ndi 2016 anatsika kufika 37. Nthawi yomweyo anapimanso mwazi wa ana, napeza zinthu ziwiri, cina cokondweretsa, cina codetsa nkhawa. Kusowa kwa vitamini A, kumene m'caka ca 2001 kunali pa ana 59 mwa 100, kunali kutatsika kufika pa 4. Ndipo apa tiyamika timadontho tija ta ku sikelo, ndi shuga ndi mafuta ophikira zimene azithira vitaminiyo ku fakitale. Koma mcere wina wofunika m'thupi, dzina lace zinki, unali wopelewera mwa ana 60 mwa 100. Ufa wa m'sitolo akhoza kuuthira zinki ku fakitale; koma banja la kumudzi litapa cimanga m'nkhokwe yace ndi kukagayitsa ku cigayo ca pafupi. Kwa banja lotere timicere iti tiyenera kukwera kucokera m'nthaka kulowa m'mbeu, ndipo mbeu siingapatse munthu cimene sinalandire.

Tiyeni titsate mcere umodzi wokha, kuti nkhani imveke bwino. Dzina lace ndi seleniyamu. Unapezeka ku Sweden m'caka ca 1817, ndipo kwa zaka zoposa zana anthu anauyesa ululu cabe, pakuti ukacuruka udwalitsa ziweto ndi anthu omwe. M'caka ca 1957 ndi pamene kunadziwika kuti thupi silingakhale bwino popanda uwo. Nchito yace ndi kuteteza ziwalo za m'kati kuti zisaonongeke msanga, kulimbitsa thupi polimbana ndi matenda, ndi kuthandiza kanyama ka pakhosi kaja kamene kakatupa timati cithokomiro. Muyeso umene munthu wamkuru aufuna ndi wocepa kodabwitsa. Mukasonkhanitsa seleniyamu yense wofunika kwa munthu pa zaka 70, kulemera kwace sikufika magalamu 2, ndiko kunena ngati njere zisanu za cimanga. Koma njere zisanuzo zikasowa, pali bvuto. Ku China, m'dera la Keshan, kumene nthaka iri yosauka kwambiri pa mcere umenewu, ana ndi akazi a msinkhu wobala anali kufa ndi nthenda ya mtima. Ndipo m'zaka za m'ma 1970, atayamba kuwapatsa seleniyamu, nthendayo inacepa kwambiri.

Kwathu kuno, Dr. Allan Chilimba, wodziwa za nthaka, pamodzi ndi anzace a ku Nottingham ku England, anatola cimanga ndi dothi m'minda ya m'zigawo zonse zitatu, nalengeza zimene anapeza m'caka ca 2011. Cimanga cambiri ca m'dziko muno cinapezeka cosauka pa seleniyamu. Koma ca ku makande, dothi lakuda lija la m'cigwa ca Shire limene ling'ambika m'cilimwe, cinali naye wocuruka, pena mpaka kakhumi. Cifukwa cace ndi ici: dothi lofiira la kumtunda, la katondo, liri ndi asidi, ndipo dothi lotere ligwira mcerewu molimba, mizu osakhoza kuumwa, koma makande ali ndi laimu, ndipo m'menemo mcere uli womasuka. Tsono si kunena kuti kumtunda seleniyamu kulibe konse. Alipo, koma ali womangika.

Pambuyo pace anapita kwa anthu eni ace. Anapima mwazi wa amai a ku Zombwe m'boma la Mzimba, ndi wa amai a ku Mikalango m'boma la Chikwawa, nasindikiza zimene anaona m'caka ca 2013. Onsewo amai a kumudzi, onsewo odya za m'munda mwao. Koma seleniyamu wa m'mwazi wa a ku Zombwe sanafike ndi theka lomwe la wa a ku Mikalango. Taonani tsono: mai wa ku Zombwe sanalakwe kanthu pa kuphika, sanamane ana ace, sanacite ulesi kumunda, anangobadwira pa dothi lina. Ndipo m'caka ca 2021 ofufuza a ku Malawi, Ethiopia ndi Britain, atayesa mbeu za m'minda yoposa 1,800 ya m'dziko muno, anatulutsa mapu osonyeza kumene cimanga ciri colemera ndi kumene ciri cosauka pa seleniyamu, zinki, citsulo ndi kasiyamu. Munthu wa m'tauni adya ufa wosakanizika wocokera uku ndi uku. Koma wa kumudzi adya za dothi limodzi caka ndi caka, kotero kuti woona mapu a nthaka ya kwao akhoza kulingalira za mwazi wace asanampime.

Kudziwa nthenda si kuciritsa. Funso lotsatira linali lakuti, Nanga tikathira seleniyamu m'munda, kodi adzafika m'mwazi wa munthu? Ku Finland anayankha kale funso limeneli: kuyambira 1984 boma lao linalamula kuti m'feteleza muzikhala seleniyamu pang'ono, ndipo mwazi wa anthu a dziko lonse unasintha. Koma Finland ndi dziko la tirigu ndi mkaka, la minda yolimidwa ndi makina. Kunafunika kuyesa ndi cimanga cathu. Anacita cimeneci m'caka ca 2019. Ku sukulu ya zaulimi ya Bunda analima cimanga, cina anacithira seleniyamu, cina iai. Nagaya ufa, naugawira mabanja a kwa Wimbe m'boma la Kasungu, osauza banja kuti lalandira ufa uti. Atapita masabata asanu ndi atatu, amai odya ufa wothiridwawo anapezeka ndi seleniyamu wa m'mwazi wocuruka pafupi kawiri, ndi ana ao a sukulu momwemonso. A ufa winawo anakhala monga analiri.

Pali cina m'nkhani ya ku Kasunguyi cimene tifuna mucisunge. Zaka ziwiri zisanacitike izi, m'caka ca 2017, mbiri ya anamapopa inayenda ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nao, ndipo anthu anaphedwa cifukwa ca mbiriyo. Tsono kufika m'mudzi ndi ufa waulere, ndi kupempha mwazi wa amai ndi ana, sikunali kanthu kakang'ono. Ofufuzawo anayamba ndi kufunsa anthu za mantha ao, ndipo anthu ananena poyera: ena anaopa za mwaziwo, ena anaopa kuti ufa ungawaletse kubala. Panafunika kukhala pansi ndi mafumu ndi anthu ao, kulongosola ndi kuyankha, nchito isanayambe. Ife sitiwerenga mantha otere ngati umbuli. Munthu ali ndi mphamvu ya kufunsa kuti, Mwazi wanga upita kuti, ndipo ndidzamva ciani za iwo? Ndipo wofufuza amene atenga mwazi, napita kukalemba buku lace ku Ulaya, osabweranso kudzauza mudzi zimene anapeza, atsekera njira anzace onse akudza m'mbuyo mwace. Kufufuza kwa m'tsogolo kudzafuna dothi, mbeu ndi mwazi za m'midzi yambiri, kawiri kawiri. Popanda kukhulupirirana sikudzayenda.

Nanga mankhwala apezeka, atero wina. Thirani mcerewo m'feteleza yense, nkhani ithe. Njirayo iri yotheka ndithu, pakuti feteleza wokulitsa wa masiku ano ali kale ndi zinki pang'ono m'kati mwace, ndipo kuyambira 2005 boma lakhala likuthandiza alimi ambiri kugula feteleza pa mtengo wotsika. Koma pali zopinga. Banja losaukitsitsa, limene ana ace ndiwo opinimbira koposa, ndilo limene nthawi zambiri lilima popanda thumba ndi limodzi lomwe. Muyeso wa seleniyamu uyenera kukhala wolunjika, pakuti malire a pakati pa cakudya ndi ululu ali pafupi. Si cinthu coti munthu asakanize yekha pakhomo, ndipo ku makande sikufunika konse. Ndiponso feteleza wobereketsa uja, akathiridwa caka ndi caka m'munda wopanda manyowa, aonjeza asidi m'dothi, ndiye asidi yemwe uja womanga mcere. Cimene cikweza matumba lero cikhoza kusaukitsa nsima ya adzukuru.

Apa ndi pamene pagona cobvuta ca ofufuza a m'tsogolo: nthaka imene alinkuiyesa siikhala monga anaisiya. Pa kuyesa kwa caka ca 2014 kunapezeka kuti m'dziko muno hekitala imodzi itaya dothi lokwana matani 29 pa caka. Mukaliika m'matumba a makilogalamu 50, ndiwo matumba 580, ndipo dothi lokokolokalo ndilo la pamwamba, la conde. Mu March 2023 namondwe Freddy anapha anthu mazana ambiri kumwera, nakokolola minda ina, nakwirira ina ndi mcenga ndi miyala. Caka cotsatira, 2024, kunadza cilala, ndipo maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Mapu ojambulidwa lero adzafuna kujambulidwanso.

Ndi mlengalenga momwe mulinkusintha. Utsi wa malasha ndi mafuta uonjeza m'mwamba mpweya umene dzina lace ndi carbon dioxide, umene utenthetsa dziko. M'caka ca 2014 ofufuza a ku America ndi maiko ena analengeza zimene anaona atalima mbeu m'minda yopoperedwa mpweya umenewu pa muyeso umene uyembekezeka pakati pa zaka zana lino. Tirigu anacepa zinki pafupi magawo 9 mwa 100, ndi citsulo magawo 5; mpunga, soya ndi nsawawa nazonso zinacepa. Cimanga ndi mapira sizinakhudzidwe kwambiri. Tingakondwe ndi ici. Koma tisaiwale kuti mbeu za mtundu wa nyemba ndizo zimene tiziyang'ana kuti zikwaniritse cimene cimanga ciribe. Ndipo m'caka ca 2017 ena anawerengera kuti, nyengo ikapitiriza kusintha cotere, magawo awiri mwa atatu a minda imene anaiyesa pa dziko lapansi adzataya seleniyamu pofika kumapeto kwa zaka zana lino.

Cifukwa cace ife tiika mtima kwambiri pa nchito yonga ija inayamba ku Ekwendeni m'caka ca 2000. Anamwino a cipatala ca kumeneko anaona ana onyentchera akubwera, akucira, ndi kubweranso. Ndipo pamodzi ndi alimi ndi ofufuza anayamba kuyesa kubzala nandolo, mtedza ndi soya m'minda ya cimanga, ndi kukwirira mapesi ndi masangwi m'malo mwa kuzitentha. Alimi eni ace ndiwo anali oyesa, yense pa kacigawo ka munda wace. Koma anaona msanga kuti mtedza wa m'nkhokwe sufika wokha m'phala la mwana: bambo akhoza kuugulitsa wonse, agogo akhoza kuletsa cakudya cina cifukwa ca mwambo, mai akhoza kusowa nthawi yophika kawiri. Tsono anayamba kukhalitsa pansi abambo, amai ndi agogo pamodzi kuti akambirane za nchito ya pakhomo ndi kadyetsedwe ka ana. Patapita zaka, ana a m'midzi imene inagwira nchitoyi nthawi yaitali anapezeka olemera bwino koposa poyamba. Njira iyi iri yocedwa, ndipo siimasula seleniyamu tsiku limodzi. Koma imanga dothi ndi mwana nthawi imodzi, ndiyo njira ija ya dotolo ndi mlimi oyenda pamodzi.

Pali mafunso ena amene yankho lace silingacokere kunja. Tengani la ufa woyera ndi mgaiwa. Pokonola cimanga, zinki ndi citsulo zambiri zipita ndi madeya kwa nkhuku ndi nkhumba. Potero mgaiwa uposa. Koma m'madeya momwemo muli cinthu cina, dzina lace phytate, cimene cigwira zinki ndi citsulo m'matumbo kuti thupi lisazilandire bwino. Ndipo kubviika mphale kuja kwa amai kucepetsa cinthu cimeneci. Wofuna kudziwa njira yopindulitsa mwana ayenera kukhala pa mtondo ndi pa cigayo, ndi kufunsa amai masiku angati abviika.

Tengani la mazira. Ku Ecuador anapatsa ana aang'ono dzira limodzi pa tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kupinimbira kunacepa pafupi ndi theka. M'caka ca 2018 anayesa comweco ku Mangochi ndi ana 660, ndipo msinkhu wa odya mazira sunasiyane ndi wa anzao. Si kuti dzira la ku Mangochi liri lacabe. Cimodzi ca zifukwa zimene ofufuzawo anachula ndi cakuti ana a kunyanja adya kale nsomba kawiri kawiri. Usipa ndi matemba, zodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, ziri ndi kasiyamu, zinki ndi seleniyamu. Ndipo usipa wouma ukwera pa njinga kufika ku dothi lofiira kumene cimanga ciri cosauka. Koma nyanja nayo itopa. Cambo ca ku Malombe cinatha mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990; nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, niphweranso kwambiri mu 2018; ndipo masikito ogawidwa cifukwa ca malungo ena awasandutsa makoka okokera ndi tiana ta nsomba tomwe. Wofufuza wouza amai kuti adyetse ana nsomba ayenera kufunsanso msodzi ngati nsombayo idzakhalapo.

Maiko olemera ali ndi nkhawa yao yosiyana. M'caka ca 2019 gulu la akatswiri, la EAT-Lancet, linalemba za madyedwe osunga thanzi la munthu ndi la dziko lapansi pamodzi, nanena kuti nyama yofiira isapitirire kwambiri magalamu 100 pa sabata. Kwa anthu odya nyama tsiku ndi tsiku uphungu uwu uli woyenera, pakuti ziweto zocuruka zitha nkhalango ndi kuonjeza kutentha kwa dziko. Koma anzao atawerengera mtengo wa mbale imeneyo, ya zipatso, mkaka, mtedza ndi nsomba, anapeza kuti anthu oposa mamiliyoni 1,500 sangathe kuigula. Mwana wa kumudzi kwathu, amene aona nyama pa Krisimasi ndi pa ukwati, safuna kuuzidwa kuti acepetse.

Catsala ndi ca ndalama. Kuwerenga kuja kwa ana opinimbira, kumene tachula poyamba, kunali kulipiridwa kwambiri ndi bungwe la boma la America, la USAID, limene linayamba kuthandiza kuwerenga kotere m'maiko ambiri m'caka ca 1984; ndipo m'caka ca 2025 bungwelo linatsekedwa. Cimanga cimene a Chilimba anatola cinakayesedwa ku England, pakuti makina oyesera timicere tocepa cotere ndi a mtengo wapatali. Ife tiganiza kuti dziko limene lipeza ndalama zogulira feteleza caka ndi caka liyenera kupatulapo kagawo kakang'ono ka kuyesera cimene fetelezayo acita m'dothi ndi m'mwazi wa ana, ndi ka kuphunzitsira anyamata ndi atsikana athu kuyendetsa makinawo kuno komwe. Inu amene muli ndi mwana wokonda sayansi ku sekondale, amene anena za udotolo wokha wokha, mumuuzeko kuti kulinso maphunziro a za nthaka ndi a za cakudya ku Bunda.

Za cuku cija cimene cigwira mtedza ndi cimanga cosauma bwino, ndi zimene cicita m'ciwindi ca munthu, tidzakamba mwezi wa mawa, kukolola kusanayambe.